Makina Oyeza Tirigu ndi Kuwala: Amaona Chiyani, Nanga Saona Chiyani?

M'mayiko olima tirigu wambiri monga Canada ndi Australia, lole ikafika pamalo ogulira mbewu, wogwira ntchito amatapa tirigu wodzaza kapu yaikulu n'kumukhuthulira m'makina aang'ono okhala patebulo. Mphindi imodzi isanathe, makinawo amaonetsa manambala awiri kapena atatu, ndipo manambala amenewa ndiwo amanena mtengo umene mlimi alandire komanso nkhokwe imene tirigu wakeyo akathiridwe. Palibe chimene chagayidwa, kuwotchedwa kapena kuthiridwa mankhwala. Tirigu amatulukira kunsi ali momwe analowera. Chagwira ntchito ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Njira imeneyi ndi yodalirika kwambiri pa zinthu zina, ndipo pa zinthu zina anthu amaitamanda kuposa momwe iyenera. Ndi bwino kudziwa pomwe pali malire.

Kodi infrared n'chiyani, ndipo anthu anadziwa bwanji kuti kulipo?

Kuwala kwa dzuwa kukadutsa m'madontho a mvula kumagawikana n'kupanga utawaleza, kuyambira mtundu wapepo mpaka wofiira. M'chaka cha 1800, William Herschel, katswiri wa zakuthambo amene ankakhala ku England, anagawa kuwala kwa dzuwa chimodzimodzi pogwiritsa ntchito galasi la makona atatu, kenaka anaika zoyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Atasunthira choyezera china kupitirira mtundu wofiira, pamalo pomwe diso silinkaona kanthu, anapeza kuti pamenepo m'pamene pakutentha kwambiri. Apo m'pomwe zinadziwika kuti utawaleza suthera pomwe maso athu amalekezera.

Kuwala kumayenda m'mafunde, ndipo kutalika kwa mafundewo kumayezedwa m'mananomita. Mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Maso a munthu amaona kuyambira pafupifupi 400 kulekeza 700. Kuyambira cha pa 780 mpaka 2,500 ndi dera limene akatswiri amalitchula mwachidule kuti NIR, ndipo ndi limene limagwiritsidwa ntchito pa malonda a tirigu. Rimoti ya wayilesi ya kanema imatumizanso uthenga wake ndi kuwala kwa m'dera lomweli.

Nanga kuwala kungadziwe bwanji zimene zili m'kati mwa njere?

Kuwalako sikudziwa kanthu. Chimene chimachitika n'choti kwina kumamwedwa ndi njere, kwina kumadutsa kapena kubwerera, ndipo makina amawerenga kuti kwatsala kochuluka bwanji.

Njere ya tirigu ili ndi sitachi wambiri, puloteni, madzi, mafuta pang'ono ndi gaga. Chilichonse mwa zimenezi chinapangidwa ndi maatomu olumikizana, ndipo malo olumikiziranawo sakhala phee, amanjenjemera nthawi zonse, aliwonse pa liwiro lakelake. Kuwala kogwirizana ndi liwirolo kukafika, kumamwedwa. M'madzi muli okosijeni wolumikizana ndi haidrojeni, ndipo madzi amamwa kwambiri kuwala kwa mananomita pafupifupi 1,450 ndi 1,940. M'puloteni muli nayitrojeni wolumikizana ndi haidrojeni, ndipo amaonekera cha pa 2,050 ndi 2,180. Sitachi amaonekera cha pa 2,100, mafuta cha pa 2,310. Makina amaunika tirigu ndi mafunde osiyanasiyana motsatizana, n'kujambula mzere wokwera ndi kutsika wosonyeza pomwe kuwala kwamwedwa kwambiri ndi pomwe kwamwedwa pang'ono.

Taonani momwe manambala a puloteni ndi sitachi ayandikanirana. Apa m'pamene pali vuto. Mzere umene umatuluka sukhala ndi nsonga zooneka bwino zoti munthu n'kuloza kuti apa ndi puloteni, apa ndi sitachi. Zonse zimasanjikizana, ndipo mizere ya tirigu wa puloteni wambiri ndi wa puloteni wochepa imaoneka yofanana kwa munthu woyang'ana ndi maso. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri akatswiri a m'malabotale ankaliona dera la NIR ngati lopanda ntchito.

Ndani anasonyeza kuti n'lothandiza?

Anali Karl Norris, injiniya wa mu unduna wa zaulimi ku United States, amene ankagwira ntchito ku Beltsville m'chigawo cha Maryland. Anayamba ndi mazira, kufuna makina oti aziunika dzira n'kuzindikira ngati muli magazi m'kati. Kenaka, m'zaka za m'ma 1960, anatembenukira ku chinyezi cha m'mbewu. Poyeza soya anaona kuti zotsatira zikusokonezedwa ndi zinthu zina za m'njere, makamaka puloteni. M'malo motaya mtima, anaona mwayi: ngati puloteni akusokoneza muyeso, ndiye kuti puloteniyo angathenso kuyezedwa. Nzeru yake inali yoti asadalire funde limodzi, koma awerenge mafunde angapo nthawi imodzi n'kugwiritsa ntchito masamu kulekanitsa gawo la madzi, la puloteni ndi la mafuta. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, makampani a Dickey-john, Neotec ndi Technicon anali atayamba kugulitsa makina ogwira ntchito mwa njira imeneyi.

Kale puloteni ankamuyeza bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani anafuna njira ina?

Ankagwiritsa ntchito njira imene Johan Kjeldahl anatulukira m'chaka cha 1883 ku Copenhagen, mu labotale ya Carlsberg, pofuna kuyeza puloteni wa m'mbewu zofululira mowa. Tirigu amagayidwa, n'kuwiritsidwa mu asidi woopsa wotchedwa sulphuric acid mpaka zonse zitasungunuka n'kukhala madzi oyera. Kenaka amathiramo soda wamphamvu, n'kutcheza mpweya wa amoniya umene umatuluka, n'kuuyeza. Chimene chapezeka pamenepo ndi nayitrojeni, ndipo pa tirigu amachulukitsa nambalayo ndi 5.7 kuti apeze puloteni. Ndi njira yolondola, koma imatenga maola, imafuna anthu ophunzira, utsi wake ndi wowononga m'mapapo, ndipo imasiya mankhwala ambiri otayidwa.

Dziko la Canada ndi limene linamva kulemera kwa ntchitoyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 linayamba kugulitsa tirigu wake wotchuka wa buledi, wa gulu la Canada Western Red Spring, molonjeza wogula kuchuluka kwa puloteni. Izi zinatanthauza kuti tirigu wa m'bogi lililonse la sitima lofika kumadoko a Thunder Bay ndi Vancouver ayezedwe asanatsitsidwe, kuti wa puloteni wambiri asasakanikirane ndi wochepa. Sitima siingadikire maola kuti asidi awire. Phil Williams, katswiri wa ku Canadian Grain Commission mumzinda wa Winnipeg, ndi amene anayesa makina atsopano aja n'kukhutira nawo, ndipo m'chaka cha 1975 bungweli linayamba kuwagwiritsa ntchito pa ntchito yeniyeni ya tsiku ndi tsiku. Aka kanali koyamba kuti malonda aakulu chotero adalire NIR, ndipo mayiko ena anatsatira.

Makina oyambawo ankafuna kuti tirigu agayidwe kaye. Pambuyo pake kunabwera ena, monga a Infratec amene masiku ano amapangidwa ndi kampani ya Foss ya ku Denmark, amene amadutsitsa kuwala kwa pakati pa 850 ndi 1,050 m'njere zosagaya. Mafunde aafupi amenewa samwedwa msanga, choncho amalowa patali n'kutulukira mbali inayo.

N'chifukwa chiyani puloteni ali wofunika chotere pa tirigu?

Chifukwa ndi amene amachititsa kuti buledi afufume. Ufa wa tirigu ukathiridwa madzi n'kukandidwa, mapuloteni awiri otchedwa gliadin ndi glutenin amagwirana n'kupanga gluten, chinthu chonyududuka chimene chimatsekera mpweya wotuluka mu yisiti. Chimanga chilibe zimenezi, n'chifukwa chake chigumu sichifufuma ngati buledi. Tirigu wa puloteni wapakati pa 12 ndi 14 peresenti amafunidwa ndi ophika buledi, pamene opanga mabisiketi ndi keke amafuna wapakati pa 8 ndi 10, woti ufa wake usakhale wotamuka. Ku Australia gulu lapamwamba la Australian Prime Hard limayambira pa 13 peresenti, ndipo ku Britain ogaya ufa wa buledi amafunanso 13. Mlimi amene waperewera ndi kachigawo kakang'ono amagwera m'gulu lotsika mtengo.

Koma kuchuluka kwa puloteni si nkhani yonse. Mitundu iwiri ya tirigu ingakhale ndi 13 peresenti yonse, wina n'kutulutsa buledi wofufuma bwino, winayo n'kutulutsa wophwatalala, chifukwa mphamvu ya gluten imadalira mtundu wa glutenin umene mbewuyo inabadwa nawo. Makina a NIR amawerenga bwino kwambiri kuchuluka kwake, koma mphamvu yake amangoiyerekeza. Ogaya ufa osamala amakandabe ufa m'makina oyezera, ndipo amaphikabe buledi woyesera.

Makina amadziwa bwanji kusandutsa mzere uja kukhala nambala?

Amachita kuphunzitsidwa, ndipo kwa ine ili ndilo funso lalikulu pa nkhani yonseyi. Akatswiri amasonkhanitsa masampulo a tirigu mazanamazana, nthawi zina masauzande, ochokera m'madera osiyana, m'zaka zosiyana, a mitundu yosiyana, ouma ndi achinyezi, a puloteni wochepa ndi wambiri. Sampulo iliyonse imaunikidwa ndi makina, kenaka imayezedwa mu labotale ndi njira ya Kjeldahl kapena njira yowotcha ya Dumas, imene masiku ano yafala kwambiri chifukwa siifuna asidi. Kompyuta imatenga mizere yonse ndi mayankho onse a mu labotale n'kufufuza samu yogwirizanitsa ziwirizo. Samuyo ikapezeka, amaiyesa pa masampulo ena amene makinawo sanawaonepo. Ikalondola, imaikidwa m'makina onse.

Apa pali zinthu zingapo zimene wogula ndi wogulitsa ayenera kuzisunga mumtima. Makina sangalondole kuposa labotale imene inawaphunzitsa. Angathe kubwereza nambala imodzimodzi kakhumi pa sampulo yomweyo, mwinanso kuposa momwe munthu wa mu labotale angachitire, koma ngati mayankho amene anaphunzira anali opendekeka, adzabwereza nambala yopendekeka kakhumi konseko. Komanso amadziwa tirigu wofanana ndi amene anamuona pophunzira. Chaka cha chilala chikatulutsa njere zofwapa, kapena kukabwera mtundu watsopano wa mbewu, manambala angasunthe pang'ono popanda chizindikiro chilichonse. Ngakhale kutentha kwa njere kumasintha momwe madzi amamwera kuwala, moti tirigu wotsika m'lole m'nyengo yachisanu ku Saskatchewan m'dziko la Canada sawerengeka mofanana ndi wotentha wochokera kumunda ku Western Australia, pokhapokha ngati samuyo inakonzedwa kuti iziganizira zimenezo.

N'chifukwa chake mabungwe oyang'anira mbewu amayesanso makina awo chaka chilichonse zokolola zatsopano zikayamba kubwera, ndipo amalumikiza makina a m'madera onse ku makina amodzi aakulu kuti onse aziwerenga mofanana. Zikasamalidwa motero, kusiyana kwa makina ndi labotale pa puloteni kumakhala kochepera theka la peresenti imodzi.

Kodi 13 peresenti ya ku Canada ndi yofanana ndi 13 peresenti ya ku Europe?

Ayi, ndipo ogula tirigu kunja amadziwa kuti apa pamabisala ndalama. Tirigu akakhala ndi madzi ambiri, gawo la puloteni pa kilogalamu iliyonse limachepa, choncho dziko lililonse linasankha chinyezi chimodzi chowerengera. Canada imawerengera pa chinyezi cha 13.5 peresenti, United States pa 12, Australia pa 11, pamene mayiko ambiri a ku Europe amawerengera ngati kuti tirigu alibe madzi n'komwe. Tirigu mmodzimodzi amene ku Europe angalembedwe kuti 15 peresenti, ku Australia adzakhala 13.35, ku United States 13.2, ku Canada pafupifupi 13.

Kupatula puloteni, amayezanso chiyani bwino?

Chinyezi, chifukwa madzi amamwa kuwala kumeneku mwamphamvu kuposa china chilichonse m'njere. Ku Canada tirigu amatengedwa kuti ndi wouma akakhala pa 14.5 peresenti kapena kutsika, ku Australia malo ogulira amalandira wosapitirira 12.5.

Amayezanso kulimba kwa njere, ngakhale kuti amachita mozungulira. Tirigu wolimba akagayidwa amasweka m'tizidutswa tokulirapo, wofewa amanyenyeka kukhala ufa wosalala, ndipo kuwala kumamwazika mosiyana pa ufa wa mitundu iwiriyi. Njira yovomerezeka ku United States imawerenga pa 1,680 ndi 2,230 pa tirigu wogayidwa ndi chigayo chamtundu umodzi chodziwika. Mukasintha chigayo, nambala imasinthanso.

Nanga amalephera pati?

Amalephera pa zinthu zimene zimakhala zochepa kwambiri m'njere koma zowononga kwambiri. Chitsanzo chachikulu ndi kumera. Mvula ikagwa tirigu atakhwima koma asanakololedwe, njere zimayamba kumera zili pangala, ndipo zimatulutsa alpha-amylase, chinthu chimene chimaphwanya sitachi kukhala shuga. Aliyense amene anaonapo phala lolimba likusungunuka n'kuyamba kutsekemera atathiramo chimera pophika thobwa waona ntchito ya chinthu chomwechi. Pa thobwa n'chofunika, pa buledi n'chowononga: m'kati mwake mumanyata ndipo sadulika bwino. Njere zomera zochepa chabe zimakwanira kuwononga lole yonse, ndipo nthawi zambiri sizioneka ndi maso.

Muyeso wake ndi wotchedwa falling number, umene anakonza Sven Hagberg ndi Harald Perten ku Sweden. Amatenga magalamu 7 a ufa, kuthiramo mamililita 25 a madzi m'kabotolo kakatali kagalasi, kukhutchumula, n'kukaviika m'madzi owira uku akutakasa kwa masekondi 60. Kenaka amasiya kachitsulo kotakasira kuti kamire kokha m'phalalo, n'kuwerenga masekondi onse. Phala likakhala lolimba, kachitsulo kamamira pang'onopang'ono. Likakhala lamadzimadzi, kamafika pansi msanga. Ku Britain ogaya ufa wa buledi amafuna masekondi 250 kapena kuposa, ku United States ogula ambiri amafuna 300. Anthu ayesa kwa zaka zambiri kuti NIR ilowe m'malo mwa kabotolo kameneka, koma mpaka pano kabotolo ndi kamene kamagamula pa malonda.

N'chimodzimodzi ndi poizoni wa nkhungu ya Fusarium imene imagwira ngala za tirigu kukakhala chinyontho pa nthawi ya maluwa. Poizoniyu amayezedwa m'magawo ochepa pa miliyoni, ochepa kwambiri moti kuwala sikungamuone yekha. Chimene makina amaona ndi kuwonongeka kwa njere, ndipo amatha kuthandiza kusankha njere zodwala. Koma kunena kuti katundu uyu ndi woyenera kudyedwa ndi ntchito ya muyeso wina.

Tsopano funso lenileni: kodi makinawa angatchule dzina la mtundu wa tirigu?

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali magulu aakulu a tirigu: wolimba ndi wofewa, wofiira ndi woyera, wa buledi ndi wa durum amene amapangira supageti ndi makaroni. Pa magulu amenewa makina amachita bwino, makamaka akamawerenganso kuwala kooneka ndi maso, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu ndipo kuli m'thupi la njere. Kale pofuna kudziwa ngati tirigu wosuluka ndi mvula anali wofiira kapena woyera, ankamuviika m'madzi a soda wamphamvu: wofiira ankaderapo, woyera ankasanduka wachikasu. Makina amayankha funso lotere popanda kunyowetsa kanthu.

Ndiyeno pali mayina a mbewu m'kati mwa gulu limodzi, ndipo apa ndikukayika kwambiri zimene zimanenedwa. Kafukufuku wa m'mayunivesite nthawi zambiri amatchula kulondola kopitirira 90 peresenti, ndipo manambalawo si abodza. Funso n'lakuti anayesa bwanji. Ngati anatenga mitundu khumi, uliwonse kuchokera m'munda umodzi m'chaka chimodzi, n'kuphunzitsa kompyuta ndi theka la njerezo, n'kuiyesa ndi theka linalo, ndiye kuti sitikudziwa ngati yaphunzira mtundu wa mbewu kapena yaphunzira munda. Kuwala kumaona puloteni, sitachi, madzi ndi kulimba, ndipo zonsezi zimasintha ndi dothi, feteleza, mvula ndi kutentha. Mbewu imodzimodzi ikadzalidwa m'munda wothiridwa feteleza wokwanira ndi m'munda woguga, puloteni wake angasiyane ndi maperesenti angapo, kuposa kusiyana kwa mbewu ziwiri zapachibale zodzalidwa moyandikana. Muyeso woona ndi kuphunzitsa makina ndi zokolola za chaka chino n'kuwayesa ndi za chaka chamawa zochokera kudera lina. Akayesedwa motero, kulondola kumatsika kawirikawiri.

Palinso vuto lina. Makina ophunzitsidwa mitundu khumi akapatsidwa mtundu wachilendo, amaupatsa dzina la umodzi mwa khumi aja, pokhapokha atakonzedwa mwadala kuti azitha kukana. Ndipo katundu weniweni wa pamsika amakhala wosakanikirana, pamene makina oyeza njere zodzaza kapu amangopereka chithunzi cha zonse pamodzi.

Mbiri ya Canada ikuphunzitsa zambiri apa. Kwa zaka zambiri dzikoli linali ndi lamulo lakuti mbewu yatsopano ya tirigu isaloledwe pokhapokha njere zake zikuoneka mofanana ndi za gulu lake, mawonekedwe ndi mtundu womwe, kuti woyang'anira azitha kuzindikira gulu pongoyang'ana m'dzanja. Lamuloli linkamanga manja akatswiri opanga mbewu, chifukwa mbewu yobereka bwino kapena yopirira matenda inkakanidwa kaamba ka mawonekedwe okha. Linachotsedwa pa 1 August 2008. Pa nthawiyo makina a NIR anali atadzaza kale m'malo ogulira tirigu m'dziko lonselo, ndipo akanakhala okhoza kutchula mbewu, akanapatsidwa ntchitoyo. Sanapatsidwe. M'malo mwake mlimi amasaina chikalata chotsimikiza kuti tirigu wake ndi wa mbewu yovomerezeka m'gulu limene akugulitsira, ndipo kutsimikiza kumachitikira mu labotale.

Ndiye dzina la mbewu limatsimikizidwa ndi chiyani?

Kuyambira kale akatswiri ankasungunula mapuloteni a njere imodzi n'kuwayendetsa ndi magetsi m'chinthu chonga jeli, momwe amagawikana n'kupanga timizere tosiyana pa mbewu iliyonse. Timizere timeneti sitisintha ndi feteleza kapena mvula. Masiku ano ambiri amayeza DNA. Ku Italy, komwe lamulo limalola tirigu wa buledi wosapitirira 3 peresenti mu pasta wa durum, DNA imathandiza chifukwa tirigu wa buledi ali ndi gawo lina lathunthu la chibadwa limene durum alibe.

Kufunika kodziwa dzina lenileni kunaoneka bwino ku Ethiopia, dziko lolima tirigu wambiri kuposa ena onse a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Akatswiri a m'dzikolo pamodzi ndi a bungwe la CIMMYT anatenga masampulo m'minda pafupifupi 4,000 m'nyengo ya 2016/17, n'kuyerekeza DNA ndi mayina amene alimi anatchula. Alimi 28 okha pa 100 aliwonse ndi amene anatchula dzina lolondola. Sikuti ankanama. Mbewu imadutsa m'manja ambiri, kuchokera kwa mnansi, kumsika, kwa achibale, ndipo dzina limatayika panjira. Koma m'dziko limene matenda a dzimbiri la tirigu amatha kusesa mbewu imodzi m'nyengo imodzi, kudziwa chimene chili m'minda ndi nkhani ya chakudya cha anthu mamiliyoni. Pa ntchito yotereyi NIR ingathandize kusefa masampulo ambiri mwamsanga n'kuloza okayikitsa, kuti ndalama za DNA zipite pomwe zikufunikadi.

Kodi makina atsopano sathetsa mavuto amenewa?

Ena akuchepetsa. Pali makamera amene amajambula njere iliyonse payokha, n'kupereka mzere wa kuwala pa kadontho kalikonse ka chithunzicho, moti amaona mawonekedwe ndi zam'kati nthawi imodzi ndipo amatha kuwerenga njere zachilendo m'katundu wosakanikirana. Pali makina omangidwa pa zokololera amene amayeza puloteni tirigu akulowa, mlimi n'kuona mbali ya munda imene inasowa feteleza. Palinso infrared wa mafunde aatali kupitirira 2,500, amene amapereka mizere yooneka bwino kwambiri, koma salowa patali m'njere, choncho amakhala wa mu labotale. Tomakina tam'manja tolumikiza ku foni tafalanso ndipo n'totsika mtengo. Onsewa amafunabe kuphunzitsidwa ndi masampulo oyenera, ndipo kamakina kam'manja kounika njere zochepa kamapereka yankho la njere zochepazo basi.

Kodi zimenezi zikutikhudza bwanji kuno kwathu?

Tirigu wambiri amene amagayidwa ku Malawi kuti tipeze buledi, masikono ndi mandasi amachokera kunja, ndipo amagulidwa potengera manambala omwewa a puloteni, chinyezi ndi falling number. Wolimidwa kuno, monga ku Tsangano m'boma la Ntcheu ndi ku Neno, ndi wochepa. Ku Zambia amalimidwa wambiri ndi mthirira m'nyengo yozizira, m'mafamu a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka. Wolima tirigu m'madera amenewa akamagulitsa kwa ogaya ufa amapikisana ndi tirigu wakunja wobwera ndi zikalata zake, ndipo muyeso wachilungamo ndi umene ungamuteteze. Makina ogulidwa ku Europe amabwera ndi samu yophunzitsidwa ndi tirigu wa kwina, choncho ayenera kuyesedwa ndi masampulo akuno asanayambe kudulira anthu mitengo. Tisawasokonezenso ndi tomakina toyezera chinyezi timene ogula chimanga amayenda nato: tambiri mwa timeneto timagwira ntchito ndi magetsi odutsa m'njere, ndipo sitiona puloteni.

Mlimi amene sakukhutira ndi nambala angachite chiyani?

Ayambe ndi kuyang'ana momwe sampulo yatengedwera, chifukwa zolakwa zambiri zimachitika tirigu asanafike m'makina. Njere zing'onozing'ono ndi zinyalala zimatsikira pansi lole ikamayenda, pamwamba pamauma ndi dzuwa, ndipo tirigu wa m'mbali ina ya munda amasiyana ndi wa mbali inzake. Sampulo yotapidwa pamwamba pa ngodya imodzi siiimira katundu yense. Iyenera kutengedwa ndi chitsulo chobaya mpaka pansi, m'malo angapo, n'kusakanizidwa bwino. Ali ndi ufulu wofunsa kuti makinawo anayesedwa liti komaliza, ndi ndani, komanso kuti puloteni akuwerengedwa pa chinyezi chanji. Apemphe kuti sampulo iyezedwenso iye akuona, ndipo gawo lina lisungidwe m'chotengera chotsekedwa bwino kuti chinyezi chisasinthe. Ku Canada zimenezi zili m'lamulo: mlimi amene sakugwirizana ndi giredi, puloteni kapena chinyezi chimene wapatsidwa pamalo ogulira ovomerezeka angalamule kuti sampulo itumizidwe ku Canadian Grain Commission, ndipo chimene bungweli lapeza ndi chimene wogula ayenera kulipira.